Lithium, achimwene anga, komanso dokotala wa ku Denmark yemwe sanatope kuyeza magazi

Miyezi itatu iliyonse pamakhala tsiku limodzi lomwe kwathu ku Kawale timalawira ngati tikukagwira basi ya ku Mzuzu. Achimwene amakhala atamwa mapilitsi awo a lithium 8 koloko usiku, nde 8 koloko m'mawa akuyenera kukhala ali kale pa benchi ya ku labu kudikira kuyezedwa magazi, malaya atapinda, asanamwenso china chilichonse cha mankhwalawo. Osati 6, osati 11. Maola 12. Ulendo woyamba ndinawafunsa anesi aja kuti nanga tikachedwa ndi maola awiri chilakwike n'chani, minibasi za kuno mukuzidziwa mmene zimaimiraima, anangondiyang'ana nkunena kuti "Achemwali, mukabwera nthawi yolakwika nambala yomwe tipeze ikhala yonama, ndiye adokotala asintha mankhwala potengera bodza."

Lamulo la maola 12 limenelo silinayambire ku Lilongwe kuno. Linachokera ku Risskov, kufupi ndi mzinda wa Aarhus ku Denmark, komwe dokotala wina dzina lake Mogens Schou ankagwira ntchito ndi mnzake Amdi Amdisen. Schou anabadwa mu 1918 nkumwalira mu 2005, sanatulukire mankhwala aliwonse atsopano, koma ine ndikuti pa anthu onse omwe anafufuzapo za mankhwala a matenda a maganizo, ameneyu ndi amene ife kuno tikuyenera kumuphunzira kwambiri, chifukwa ntchito yomwe anagwira ndi yomwe ikusowa kwathu kuno, ndipo ndi ntchito yoti sitifunika fakitale ya mankhwala kuti tiigwire.

Ndiyambe ndi matendawo kuti tizimvana. Achimwene ali ndi omwe madokotala amati bipolar. Anthu ambiri akamva amangoti misala basi, mawu amodzi kukwirira zonse. Koma ife amene tinawaona tikudziwa kuti ndi matenda a nyengo ziwiri. Ulendo woyamba anakhala masiku asanu osagona, osatopanso, 2 koloko usiku akupenta khonde kwinaku akutiuza kuti pofika Disembala akhala ndi minibasi khumi, m'mawa anapita mtauni nkugawa ndalama zonse za geni yawo kwa anthu osawadziwa pa depoti, akulankhula mothamanga moti sungalowetsepo mawu. Aneba anati ndi chamba, munthu sanasutepo. Azakhali anati walodzedwa. Tinapita ku mapemphero kawiri. Titafika kuchipatala anawabaya jakisoni, anagona, patapita masabata angapo anatsika, koma anatsika mpaka pansi penipeni, miyezi inayi ali kuchipinda makatani otseka, kusamba ayi, kudya mochita kuwanyengerera, amayi akugona pakhomo pa chipinda chawo chifukwa cha zomwe anayamba kulankhula zoti bola kungochoka padziko. Kenako anakhala bwino ndithu chaka chathunthu tonse nkumati zatha. Zinabweranso. Vuto lalikulu la matendawa ndi limenelo, kubweranso. Kumugoneka munthu yemwe wabalalika usiku umodzi sikovuta kwambiri, jakisoni alipo. Funso ndi loti chaka chamawa, ndi chaka chinacho, achite bwanji kuti asabwererenso kuwodi, geni isagwe, banja lisathe.

Tsopano lithium. Ndi chinthu chomwechi chili mu mabatire a mafoni athu ndi a sola, chomwe anzathu ku Zimbabwe amakumba ku Bikita. Mu mankhwala chimabwera ngati mchere, lithium carbonate. Yemwe anayamba kuona kuti mcherewu umatsitsa munthu wobalalika ndi John Cade wa ku Australia. Bamboyu anakhala mkaidi wa nkhondo ku Changi ku Singapore pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, atabwerera kwawo anayamba ntchito pa chipatala cha Bundoora kufupi ndi Melbourne. Iye ankaganiza kuti mwina m'thupi la odwalawa muli poizoni wina yemwe amatuluka mu mkodzo, nde ankatenga mkodzo wa odwala nkumabaya mbira, mbira zomwezi timaweta kuseri kwa nyumbazi. Pofuna kusungunula uric acid, chinthu china chopezeka mu mkodzo, kuti abaye bwino anagwiritsa ntchito lithium, nkuona kuti mbira zija zangoti phee, kuzigoneka chagada osaphiriphitha. Anamwa yekha kaye mcherewo kuti aone ngati ungamupweteke, kenako nkupatsa odwala. Mu Seputembala 1949 analemba mu Medical Journal of Australia za odwala 10 obalalika omwe anatsika atalandira lithium.

Wodwala wake woyamba, yemwe m'pepalamo anangomutchula kuti W.B., anali bambo wa zaka 51 yemwe anakhala zaka zisanu ali chibalalikire mu wodi. Anayamba kumwa mu Malichi 1948, pasanathe mwezi anasintha, anatulutsidwa nkubwerera ku ntchito. Koma nkhani yake sinathe bwino. Anasiya kumwa, matenda anabwerera, anamuyambitsanso, ndipo mu 1950 anamwalira chifukwa lithium inachuluka m'thupi. Cade sankayeza magazi, ankangoyang'ana wodwala ndi maso. Nthawi yomweyonso ku America kunali tsoka lina, ankagulitsa lithium chloride ngati mchere wothira m'ndiwo kwa anthu odwala mtima omwe analetsedwa mchere wamba, anthu ena anafa mu 1949, lithium nkudziwika ngati poizoni. Cade mwini wake anachita nayo mantha. Mankhwala akanathera pompo.

Apa ndi pomwe Schou akulowera. Mkulu wake pa ntchito, Erik Strömgren, anamuonetsa zomwe a ku Australia analemba, iye osangokhulupirira komanso osangotaya. Anati tiyese bwinobwino. Anatenga odwala 38, nthawi zina nkumawapatsa lithium nthawi zina mapilitsi ooneka chimodzimodzi koma opanda mankhwala, ndipo posankha kuti uyu alandire chani ankaponya ndalama m'mwamba, kuti mtima wa dokotala usalowererepo. Wodwala osadziwa chomwe akumwa, womuyang'anira mu wodi osadziwanso. Zotsatira zinatuluka mu 1954, lithium imagwiradi ntchito. Lero njira imeneyi ndi yomwe aliyense amatsata poyesa mankhwala, koma nthawi imeneyo ku mbali ya matenda a maganizo inali yachilendo, uyu anali mmodzi mwa oyambirira kuchita zimenezi. Ndipo ankayeza magazi a odwalawo, kumalemba nambala, kumaona kuti pa nambala iti munthu akupeza bwino, pa nambala iti manja ayamba kunjenjemera.

Chachikulu chinabwera pambuyo. Dokotala wina wa ku Glostrup ku Denmark komweko, Poul Christian Baastrup, anaona kuti odwala omwe akupitiriza kumwa lithium atatsika kale sakubwereranso kuchipatala pafupipafupi ngati kale, osati kubalalika kokha komanso kugwa mphwayi kuja, nyengo zonse ziwiri. Iye ndi Schou anatsatira odwala 88 kwa zaka zoposa 6 nkulemba zomwe anapeza mu 1967. Taganizirani zaka 6 ukungowerenga mafayilo, uyu anagonekedwa liti, anatuluka liti, anayamba kumwa liti. Palibe chosangalatsa pamenepo, palibe wa nyuzipepala angabwere kudzajambula. Koma yankho la funso lomwe mabanja ngati lathu timafunsa usiku linali m'mafayilo amenewo.

Nde mu 1968 madokotala awiri a ku London, Barry Blackwell ndi Michael Shepherd, analemba mu magazini ya The Lancet kuti zimenezi mwina ndi nthano chabe, njira yomwe a ku Denmark atsata ili ndi mabowo, panalibe gulu lofananitsira, ndipo madokotala ankadziwa yemwe akumwa. Ndinene chilungamo, pa mfundo ya njirayo anali ndi poyambira, kufunsa kotere ndi ntchito ya anthu ofufuza. Koma panalinso china chomwe chinamupweteka Schou. Mng'ono wake weniweni ankadwala, chaka ndi chaka ankagwa m'matenda ovutika maganizo osatha kugwira ntchito, zaka zambirimbiri, mpaka pomwe anayamba lithium nkusiya kudwala. Schou sankabisa zimenezi, ndipo otsutsa anazitenga ngati umboni woti munthuyu sangaone bwino chifukwa nkhaniyi ndi ya m'banja mwake.

Pamenepa ine mtima umandiwawa chifukwa mawu amenewo ndawamvapo. Gadiyani ukalankhula kwambiri kuchipatala, ukafunsa kuti bwanji mankhwala awa osati awo, pamakhala ena omwe amakuyang'ana ngati chikondi chakuphimba m'maso. Koma ndani amadziwa kuti wodwala wagona maola angati sabata ino kuposa amene amagona naye nyumba imodzi? Chomwe ndimamulemekezera Schou ndi choti sanayankhe ndi mkwiyo wokha, komanso sananene kuti ndikhulupirireni chifukwa ndaona ndi maso anga. Anavutika nazo mumtima, chifukwa kuti atsimikize ankayenera kuwachotsera odwala ena mankhwala omwe iye ankakhulupirira kuti akuwasunga, ndipo ena mwa odwalawa akadwala amatha kudzipha. Mapeto ake iye, Baastrup, Amdisen ndi anzawo anakonza kafukufuku woti wodwala akangoyamba kudwala amutulutse nkumubwezera mankhwala ake, ndiponso kafukufukuyo aime msanga yankho likangooneka. Odwala 84 omwe anali kale pa lithium, 45 anapitiriza, 39 anasinthidwira mwachinsinsi ku mapilitsi opanda kanthu. M'miyezi isanu yokha, 21 mwa 39 aja anadwalanso. Mwa 45 aja palibe ndi mmodzi yemwe. Zinatuluka mu The Lancet momwemo mu 1970, chaka chomwenso America inavomereza lithium.

China chomwe anthu satchula kawirikawiri, koma kwa ine ndi chomwe chimasonyeza kuti munthuyu anali wofufuza weniweni osati wotsatsa malonda: zoipa za lithium anazilembanso yekha. Mu 1968, chaka chomwe ankamunena kuti wakondera, iye ndi anzake analemba mu British Medical Journal kuti odwala ena pa lithium akutupa chithokomiro. Anathandiza kuyambitsa kaundula wa ana obadwa kwa amayi omwe ankamwa lithium ali oyembekezera, kuti zidziwike ngati ikuwononga ana m'mimba. Analemba za impso, za kunjenjemera kwa manja, za ludzu ndi kukodza pafupipafupi, za mmene munthu amaonekera mankhwala akachuluka ndi chomwe dokotala achite. Analembanso kabuku kosavuta koti odwala ndi abale awo aziwerenga okha. Mu 1987 anapatsidwa mphoto ya Lasker, mphoto yaikulu ya ofufuza za mankhwala, koma zaka zoposa 50 anakakamira pa mchere umodzi womwewo mpaka imfa.

Bwanji zinatenga zaka 20 kuchoka pa Cade kufika poti dziko livomereze? Mbali ina ndi mantha a imfa zija. Koma mbali inanso ndi ndalama. Lithium ndi chinthu cha m'nthaka, palibe kampani ingati ndi yanga ndekha nkumaigulitsa modula, nde palibe yemwe anali ndi chifukwa choithamangitsira m'maofesi a madokotala ndi makalenda ndi zolembera zaulere. Inalibe mwini. Mwini wake anakhala Schou, munthu wa pa yunivesite wolandira malipiro a boma. Ichi ndi chifukwa chake ndimakwiya ndikamva anthu akunena kuti kafukufuku wa m'mayunivesite ndi kungotaya ndalama, mapepala okathera mu shelefu. Mankhwala otchipa alibe owalankhulira kupatula anthu amenewa.

Tibwere kwathu. Komwe tinayamba kupita ndi achimwene, lithium sanaitchule nkomwe, ndipo nditafunsa patapita nthawi anandiuza mosabisa kuti alibe poyezera magazi ake, sangayambitse mankhwala omwe sangathe kuwatsatira. Sindikuwaimba mlandu, ananena zoona, ndipo dokotala wopereka lithium osayeza akubwereza zomwe zinachitikira W.B. mu 1950. Mpata pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopweteka ndi wochepa kwambiri. Nambala yomwe amafuna m'magazi nthawi zambiri imakhala pakati pa 0.6 ndi 1.0, ikadutsa 1.5 zinthu zayamba kuopsa. Panado ukamwa atatu m'malo mwa awiri sufa. Lithium ilibe chifundo chimenecho.

Ndipo kwathu kuno zoikankhira nambalayo m'mwamba ndi zambiri. Lithium imatuluka m'thupi kudzera mu impso basi, ndipo impso zimaitenga ngati mchere wamba. Thupi likasowa madzi kapena mchere, impso zimayamba kusunga mchere kuti usatayike, nde zimasunga ndi lithium yomwe. Ndiye ganizirani dzuwa la mu Okutobala, kutsegula m'mimba kwa nthawi ya dzinja, malungo ndi kusanza kwake, kusala kudya kwa masiku atatu ku mapiri. Onjezerani bulufeni ndi indosidi zomwe timagula pa okala ngati maswiti, zimenezi zimachepetsa mphamvu ya impso yotulutsa lithium. Mankhwala ena a BP, monga HCT ndi enalapril, chimodzimodzi. Ndiponso anthu ambiri ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, yemwe nayenso amafuna kuti impso ziziyang'aniridwa.

Ife zinatichitikira. Chaka chachiwiri ali pa lithium, mwezi wotentha, dzino linawavuta achimwene nde anagula bulufeni osauza munthu, masiku anayi akumwa, kenako m'mimba munatsegula. M'mawa wina ndinawapatsa tiyi, kapu ija inkagunda pa mbale ngati belu, tiyi kutayikira pa thalauza, atanyamuka kupita kubafa anadzandira ngati aledzera, mawu akutuluka olemera. Ndinati "Achimwene, mwamwa china chake kupatula mapilitsi anu aja?" Anatulutsa kapepala ka bulufeni m'thumba la malaya. Tinathamanga. Nambala inali 1.7. Anawaimitsa mankhwala, anawaika madzi a mu diripi, patapita masiku angapo inatsika nkuyambanso pang'onopang'ono. Chomwe chinawapulumutsa si nzeru zanga, ndi pepala lomwe adokotala anatilembera tsiku loyamba lija la zizindikiro zoopsa, lomwe amayi analimata kuseri kwa chitseko cha kabati. Zizindikiro zimenezo ndi zomwe zija Schou anakhala zaka akuzilemba mmodzimmodzi kuchokera kwa odwala ake.

Nde wina anena kuti mwaonatu, mwadzitsutsa nokha, mankhwala amenewa si a dziko ngati lathu, tiyeni tikhale pa omwe tili nawo. Mfundoyi ndimaimva ndipo si yopusa. Koma tiyang'ane omwe tili nawowo mwachilungamo. Sodium valproate imagwira ntchito, koma kwa mayi woyembekezera ndi yoopsa zedi, pafupifupi mwana mmodzi pa ana 10 amabadwa ndi chilema, ndipo 3 kapena 4 pa 10 amachedwa kukula m'nzeru ndi kulankhula. Matendawa amayamba nthawi zambiri munthu ali wachinyamata, zaka zomwe atsikana athu akubereka. Lithium nayo ili ndi chiopsezo pa mimba, makamaka ku mtima wa mwana, koma ndi chochepa poyerekeza ndi valproate. Carbamazepine, yemwe achimwene anayambira, amapangitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mwachangu, nde amafooketsa mapilitsi olera ndi kolera ka pamkono kaja, komanso amatsitsa dolutegravir yemwe ali mu ma ARV omwe anthu ambiri akumwa pano. Chlorpromazine ndi haloperidol amatsitsa munthu inde, koma tinawaona achimwene akuyenda thupi lili gwa, malovu akutuluka, masana onse tulo, mpaka iwo eni anati bola kudwala kusiyana ndi kukhala chonchi, nkusiya kumwa. Palibe mankhwala opanda mtengo wake pathupi. Kusiyana kwake nkoti zoopsa za lithium zimaoneka pa nambala, ungazigwire zisanafike patali, bola pakhale woyeza.

Palinso nkhani yodzipha, yomwe apolisi akhala akutiuza chaka ndi chaka kuti ikukula m'dziko muno, makamaka kwa abambo. Sikuti onse odzipha ali ndi bipolar, ayi, zifukwa ndi zambiri, ngongole, mabanja, umphawi. Koma kwa omwe ali ndi matendawa chiopsezo ndi chachikulu, ndipo mu 2013 Andrea Cipriani ndi anzake atasonkhanitsa akafukufuku 48 analemba mu British Medical Journal kuti lithium imachepetsa kudzipha kwa anthu odwala matenda amtunduwu poyerekeza ndi mapilitsi opanda kanthu. Ndi mankhwala ochepa kwambiri omwe ali ndi umboni wotere. Bungwe la WHO linaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira omwe dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Ine amene ndinaona amayi anga akugona pa mkeka pakhomo pa chipinda cha mwana wawo wamkulu sindingaitenge mfundo imeneyi mopepuka.

Zoti sitingakwanitse kuyeza magazi ine ndimakana, chifukwa ndaona zomwe dziko lino lachita pa HIV. Munthu wa kumudzi kwenikweni amatengedwa magazi a viral load pa chipatala chaching'ono, njinga zamoto za Riders for Health zimanyamula kupita nawo ku labu yaikulu, zotsatira nkubwerera, zonse zolembedwa mu kaundula. Pitani ku Lighthouse pa Kamuzu Central kapena ku Martin Preuss pa Bwaila mukaone mmene amatsatirira munthu zaka ndi zaka, akajomba amamuimbira foni. Mu 2011 Malawi ndi amene anayamba Option B+, kuika amayi onse oyembekezera omwe ali ndi kachilombo pa ma ARV moyo wonse, mayiko ena nkutsatira pambuyo. Anthu athu anayang'ana mmene zinthu zilili kwathu nkupanga njira yawoyawo. Ndiye musandiuze kuti magazi a munthu mmodzi kanayi pa chaka atikanika. Makina ena omwe amayeza sodium ndi potassium amathanso kuyeza lithium. Chomwe chikusowa ndi munthu woti nkhaniyi aitenge ngati yake, aikakamire.

Apa ndikulankhula ndi inu a ku KUHeS, madokotala achinyamata omwe mukuphunzira za matenda a maganizo, ma clinical officer ndi anamwino a ku Zomba Mental, a ku St John of God ku Mzuzu ndi kuno ku Lilongwe. Sindikupempha kuti mutulukire mankhwala atsopano. Ndikupempha ntchito ya Schou. Nambala zomwe tikugwiritsa ntchito zinapezeka pa anthu a ku Denmark, dziko lozizira, anthu omwa madzi a pa mpopi osadwala malungo. Kodi mlimi wa ku Mitundu yemwe amakhala padzuwa kuyambira 5 koloko m'mawa nambala yake imayenda bwanji pakati pa Juni ndi Novembala? Kodi munthu wa pa tenofovir ndi lithium limodzi impso zake zimakhala bwanji pakatha zaka zisanu? Ndani angayambitsidwe bwinobwino ndipo ndani asayerekeze, poona mtunda wochoka kwawo kufika pa labu? Uthenga wa zizindikiro zoopsa ungalembedwe bwanji m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, kuti agogo omwe akusunga mdzukulu wodwala aumve? Mafunso amenewa sangayankhidwe ku London kapena ku Aarhus. Ayankhidwa ndi munthu yemwe avomere kukhala ndi odwala 80 kapena 100 omwewo kwa zaka 6, kumalemba mu buku la kuchipatala ndi mu kompyuta, osatopa, ndipo zikaoneka zoipa kuzilembanso.

Ndikudziwa chomwe chimalepheretsa. Ndalama za kafukufuku zimabwera ndi zofuna za eni ake, pulojekiti ya zaka ziwiri, lipoti, wokishopu ku nyanja, yatha. Kafukufuku wotsatira anthu zaka zambiri pa mankhwala akale otchipa sakopa opereka ndalama. Ndipo madokotala a matenda a maganizo alipo ochepa zedi moti tsiku lonse limathera pa mzere wa odwala. Zonsezi ndi zoona. Koma Baastrup anayamba ndi mafayilo a odwala ake omwe ankawaona kale tsiku ndi tsiku. Mafayilo ife tili nawo, odwala obwererabwerera kuwodi tili nawo, anamwino amawadziwa ndi mayina. Unduna wa Zaumoyo utangoika malo awiri kapena atatu m'dziko muno komwe kuyeza lithium, impso ndi chithokomiro kuli kotsimikizika chaka chonse, osati lero kulipo mawa mankhwala a makina atha, ofufuza akanakhala ndi poyambira ndipo mabanja akanakhala ndi kolowera.

Ndisamveke molakwika. Sindikunena kuti aliyense wobalalika amwe lithium, ndipo chonde wina asakagule ku famase nkumamwa yekha kapena kupatsa m'bale wake, imeneyo ndi njira yachidule yopita ku manda. Sigwira kwa aliyense, ena impso zawo sizilola, ena amanenepa kapena kunjenjemera mpaka kusiya. Komanso amene ali pa lithium asaisiye mwadzidzidzi, matenda amabwerera mwamphamvu. Chomwe ndikukana ndi choti mwayi woyesa mankhwala amenewa uzidalira thumba. Ife tikukwanitsa chifukwa ndili pa ntchito ndipo mlongo wathu wina amatumiza kangachepe kuchokera ku Johannesburg, nde timalipira labu ya pulayiveti. Mzimayi yemwe tinkakhala naye pa mzere masiku oyamba aja, wochokera kutali ndi mwana wake wamkazi wa zaka ngati 19, yemwe anali atagonekedwa kale katatu, sangakwanitse. Mwana ameneyo mwina lithium ikanamuyanja mwina ayi, koma palibe yemwe adzadziwe.

Achimwene tsopano atha zaka zinayi osagonekedwa. Anatsegulanso shopu yawo yokonza mafoni, manja amanjenjemera pang'ono akagwira tizitsulo tating'ono kwambiri nde analemba mnyamata wowathandiza. Amayenda ndi botolo la madzi kulikonse, dzino likawawa ndi panado basi. Mwezi wathawu nambala inali 0.7, impso zili bwino, koma chithokomiro chayamba kufooka pang'ono ndipo adokotala ati tikayezenso mu Janyuwale tione ngati pafunike kuwonjezera piritsi lina. Titatuluka mu labu muja anandifunsa kuti "Achemwali, mtsikana uja tinkakumana naye pa mzere ndi mayi ake, munamuonakonso?" Sindinamuonenso kuyambira chaka chija.